Dzina la Munthu Papepala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anang'amba kalata yanga. Tinkakhala ku Gaithersburg, ku America, m'nyumba zosanjikizana, iwo akugwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Moyo wanga unali sukulu, tchalitchi ndi pawindo basi. Mmalawi wosamudziwa sitinkamupatsa moni, chifukwa masiku amenewo kupala mlandu sikunkachedwa.

Kalatayo ndinalembera msuweni wanga Chimwemwe ku Zomba. Ndinamufunsamo za aphunzitsi ake, omwe iye anandinong'oneza tisananyamuke kuti apolisi anawatenga. Bambo anaiwerenga ali chiimire, naing'amba.

Ndinathawira pamasitepe n'kuyamba kulira. Amene anandipeza pamenepo ndi a Wen, nkhalamba ya ku China ya khomo loyang'anana ndi lathu, atanyamula dengu la zochapa. Zala zawo zinali bii ndi inki, malaya akununkha fodya. Anakhala pambali panga, nandimvetsera mpaka ndinamaliza kufotokoza. Kenako anayankha m'Chingerezi chothyokathyoka.

"Kwathu ndinkalemba ndakatulo ndi nkhani, anthu n'kumaziloweza. Chaka cha njala mnzanga wina, mphunzitsi wa kumudzi, anandiuza kuti ana ake a sukulu akudya makungwa. Ndinalemba, n'kutchula dzina lake kuti ndimulemekeze."

"Ndiye anakumangani?"

"Tonse awiri. Ine ndinakumba ngalande zaka zambiri, n'kutuluka. Iye sanatuluke."

Anandiuza kuti ankalembabe m'mawa uliwonse, koma mapepalawo ankangodzaza makatoni kunsi kwa bedi. Wowawerenga kuno sankamudziwa, ndipo kuwatumiza kwawo ankaopa, poti kunali mlongo wawo. Anandiyang'ana m'maso.

"Iwe uli kuno, mwana wanga. Apolisi akanaiwerenga kalata yakoyo, akanagogoda pakhomo la yani?"

Ndinkadziona ngati wosautsidwa ndine ndekha, osaganiza kuti Chimwemwe, mayi ake ndi ang'ono ake atatu ndinali nditatsala pang'ono kuwapereka ndi dzanja langa lomwe. Ndinabwerera m'nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti bambo nawonso anali ndi mantha.

A Wen anamwalira patapita zaka zitatu, asanaonenso kwawo. Lero ndimalembera manyuzipepala, ndipo chilungamo sindichibisa. Koma ndisanalembe dzina la munthu, ndimaima kaye n'kudzifunsa kuti nkhaniyo ikatuluka, ine ndikagona pabedi panga, nanga iye akagona kuti.