Shelefu ya a Mabokosi

Amalume anga amatchedwa a Mabokosi, ndipo dzinali analipeza pa ntchito. Mukalowa m'galaja mwathu n'kuyang'ana kumanzere, muona shelefu yofika kudenga yodzaza mabokosi akuda apulasitiki, lililonse litalembedwa nambala ya galimoto ndi choko. Ndi mabokosi a fyuluta ya mpweya, aja galimoto imabwera nawo kuchokera kufakitale. Eni ake ankataya, amalume n'kumatola.

Anayamba umakaniko nthawi ya makabuleta, tsitsi lonse lidakali kumutu, ndipo analembedwa ntchito ndi bambo a abwana athu a panowa. Injini amaimvera ndi sikuludiraiva, nsonga pa chitsulo, chogwirira pakhutu, maso atatsinzina. Kukhutu linalo kumakhala choko, m'thumba la ovolosi mumakhala kachingwe kakuda bii ndi girizi. Ndiwo anandilera mayi anga atamwalira, ndipo masipanala ndinawadziwa ndisanadziwe kuluka tsitsi. Nditamaliza maphunziro oyeza magalimoto ndi kompyuta, anandipezera malo pomwepo. Mpaka lero amanditchula Kakompyuta, ngakhale pamaso pa ana anga.

Kenaka kunabwera fashoni ya mafyuluta ofiira. Aliyense wa galimoto ya tebo, kachipangizo kaja kokankhira mpweya wambiri mu injini, ankafuna kuchotsa bokosi lakuda n'kuikapo fyuluta yofiira yosongoka ndi chipayipi chonyezimira. Ukaponda moto galimoto imachita kupuma mokoka, ukasiya imati pshuu. Ndisakunamizeni, kalirako ndi kokoma, inenso kamandisangalatsa. Abwana anayamba kugulitsa mafyulutawo ndipo ankatha ngati mchere. Amalume ankamanga osakana, ndipo ntchito yawo inali yaukhondo. Akamaliza ankangouza mwini galimoto kuti, "Mwasintha kummero, koma kompyuta ya galimotoyi simunaiuze." Mwiniwake ankaseka n'kumapita, iwo n'kulemba nambala pa bokosi lotsalalo.

Chaka chino abwana anagula makina okwezera galimoto m'mwamba, ndipo malo okha owaika anali pa shelefu paja. Lolemba m'mawa anaitana amalume.

"Madala, Lachisanu kukubwera lole. Zinyalala izi zichoke."

"Palibe vuto, bwana," anatero amalume akupukuta manja. "Ingouzani dalaivala andisiyire malo kutsogolo. Mabokosi akapita, inenso ndapita."

Anyamata a m'galaja anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa munthuyu ndimamudziwa: sanaopsezepo munthu, amangochita. Ndinapsa mtima zedi. Pa nthawi ya tiyi ndinawakalipira kuseri kwa galaja, kuti zaka makumi atatu ndi zinayi za ntchito angazitayire mapulasitiki? Iwo anangopemerera tiyi wawo m'kapu yopanda chogwirira ija n'kundifunsa ngati ndaona sipanala ya teni.

Lachiwiri kunafika anamwino ena ndi galimoto yotuwa ya tebo imene anagula kwa munthu mwezi wathawo. Nyali ya injini inali itayaka, ndipo anati akafuna kupitirira lole pamsewu galimoto imakhala ngati ikuganiza kaye. Nditatsegula boneti ndinapeza fyuluta yofiira ija, yowala bwino. Ndinalumikiza kompyuta yanga.

Pali nambala ina imene ife timaitcha tirimu. Imaonetsa mafuta amene kompyuta ya galimoto ikuwonjezera kapena kuchotsa pa muyezo wake. Galimoto yabwino imasewera pafupi ndi ziro, mwina atatu, mwina asanu. Iyi inali pa 24, kutanthauza kuti kompyuta yawonjezera mafuta mpaka pothera mphamvu zake, ndipo sensa ya ku ekizozi, kotulukira utsi, ikudandaulabe kuti mafuta achepa. Pa injini ya tebo zimenezo si zamasewera. Mafuta akachepa, moto umatentha mopyola, ndipo tsiku lina pa chitunda pisitoni imabooka.

Ndinayamba mwamatama, poti pepala la sukulu ndili nalo. Ndinapopera utsi m'mapayipi kufuna pobooka, sindinapeze. Ndinayeza pampu ya mafuta, inali bwino. Lachitatu ndinasintha sensa yowerenga mpweya, ija imakhala m'payipi kuseri kwa fyuluta, nambala inatsika pang'ono kenaka n'kubwerera pa 24 pomwepo. Fyuluta yofiira ndinaiyang'ana kangapo, koma abwana anati, "Imeneyo usaikhudze, tamanga zoposa zana ndipo palibe wadandaula." Ndinagwira njakata. Anamwino ankabwera masana aliwonse atavala yunifolomu, n'kuima duu pakhomo, osakalipa, ndipo kusakalipako kunkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Lachinayi anati mawa adzatenga galimoto yawo, kaya yatheka kaya ayi.

Masiku onsewo amalume anali pansi pa shelefu, akumanga zida zawo m'kabokosi kachitsulo. Anali atabweza kale makiyi a loka yawo. Lachinayi lomwelo, cha m'ma 2 koloko, ndinameza manyazi n'kupita.

"Malume, yandikanika."

"Kompyuta yati chiyani?"

"Yati 24."

"Tandiwerengera nambala ya galimotoyo. Zilembo za masiku ano n'zazing'ono."

Ndinawerenga. Ndinaona kukamwa kukuyamba kumwetulira. Anadzuka, anatulutsa kachingwe kaja, anakazunguliza pa chipayipi chonyezimira pamalo pamene pali sensa, n'kutsina ndi chala pothera.

"Kwera makwerero. Mzere wachinayi, lachiwiri kuchokera kukhoma. Lili ndi khutu lothyoka, ndinalimanga ndi waya."

Abale inu, linali pomwepo, waya ndi zonse, ndipo nambala ya choko inali ya galimoto ya anamwino. Mwini wake woyamba anamangitsa fyuluta yofiira m'galaja mwathu momwemo zaka ziwiri zapitazo. Ndinatsika makwerero bokosilo lili m'manja. Amalume anazunguliza kachingwe kaja pa khosi la bokosi lakale, ndipo kanatsala kolendewera pafupifupi zala ziwiri. Anakakweza kuti abwana, amene anali atatuluka mu ofesi, akaone.

"Sensa iyi, bwana, siwerenga mpweya wonse. Imangolawa umene ukudutsa pamphuno pake, kompyuta n'kuwerengera wotsalawo poganiza kuti payipi ndi yomwe ija inabadwa nayo. Mukakulitsa payipi, mpweya umadutsa mwaulesi, sensa imati walowa wochepa, pamene walowa wambiri. Kompyuta imathira mafuta a mpweya wochepawo. Ikamva kudandaula ku ekizozi imawonjezera, imawonjezera, mpaka 24. Sensa ya mwanayu sinaname, payipi ndi imene ikuinamiza."

"Nanga zina zonse zija tamanga?" anafunsa abwana.

"Zambiri khosi lake n'lofanana ndi lakale, zilibe mlandu. Za mtundu uwu zokha n'zonenepa. Mwiniwake ankangozimitsa nyali, potsiriza n'kugulitsa galimoto. Mukafuna fyuluta yofiira pa payipi yotere, kompyuta iphunzitsidwe kaye muyezo watsopano."

Tinamanga bokosi lakale ndi fyuluta yatsopano m'kati. Ndinafuna kufufuta zimene kompyuta inasunga kuti iyambire pa ziro, amalume anandigwira mkono. Anati ndiisiye ilape yokha tikuona.

Anamwino atafika tinatuluka kukaiyesa pamsewu, iwo atagwira chiwongolero, ine pambali pawo kompyuta pamiyendo, amalume ndi abwana kumbuyo. Titatuluka pageti inali pa 24. Pa mphambano yoyamba, 24 yomweyo. Titapitirira sitolo ya matayala ndinati, "22." Patsogolo pang'ono, "19." Abwana anasendera kutsogolo mpaka mpweya wawo unkandiwomba pakhosi. "15. 12." Anamwino, aulemu aja, anayamba kumenya chiwongolero ndi chikhato pa nambala iliyonse. Pa chitunda cha kuseri kwa sukulu tinapeza lole ya njerwa ikukwawa. Anaponda moto, galimoto sinaganize kaye, inangonyamuka, tonse misana n'kumamatira kumipando. Ndinafuula kuti, "Yafika pa 6!" ndipo ndikuvomera, ndinali ndikuseka ngati wamisala. Pobwerera inali ikusewera pa 2 ndi 3, ndipo nyali nditaizimitsa sinayakenso. Munthu mmodzi yekha sanasuzumire pa kompyuta ulendo wonsewo. Amalume anali atatsinzina, khutu atalozetsa ku injini.

Titafika, abwana anaima kutsogolo kwa shelefu nthawi yaitali, manja m'thumba. Anafunsa kuti mwa mabokosiwo ndi angati a magalimoto amene tinawamanga payipi yonenepa. Amalume anati khumi ndi limodzi, n'kuyamba kutchula mizere yake. Abwana anandiuza kuti mawa ndiimbire eni ake onse abwere tiwayeze, kenaka anatenga foni n'kuuza wa lole kuti asavutike. Makina okwezera aja anaikidwa panja, pansi pa malata.

Anthu atabalalika ndinathandiza amalume kubwezera zida zawo mu loka. Ndinali ndidakasangalala, ndiye ndinayamba kuwaseka, kuti akanapitadi chifukwa cha mapulasitiki?

"Ndikanapita," anatero. Anayang'ana kukhomo la ofesi, kenaka anatsitsa mawu. "Manambala aja sindikuwaonanso, mwana wa mlongo wanga. Chaka chachiwiri chino. Sipanala ndimaidziwa ndi dzanja, injini ndi khutu, koma m'galaja monse muno, pa shelefu paja ndi pokha pamene sindifuna maso. Akanachotsa, ndikanatsala ndikupapasa pamaso pa anyamatawa."

Ndinakwera makwerero ngati ndikukabwezera chinachake. Mabokosi a mizere yapansi anali ndi manambala owongoka ngati a mphunzitsi. A pamwamba, a chaka chatha ndi chino, manambala ake anali opindika, ena okwerana, ena otuluka m'mbali. Tsiku lililonse ndinkadutsa pansi pake osaona. Ndinalira pamwamba pomwepo, nkhope nditalozetsa kukhoma, ndipo anyamata anaganiza kuti ndi fumbi.

Lolemba lotsatira kunabwera galimoto ina yofuna fyuluta yofiira. Amalume anayeza makosi onse awiri ndi kachingwe, anati ngofanana, tinamanga. Bokosi lakale analinyamula abwana eni ake, n'kulipereka kwa amalume ndi manja awiri. Amalume anachotsa choko kukhutu n'kundipatsa.

"Lemba ndiwe, Kakompyuta. Ulembe zikuluzikulu, kenaka undiuze mzere."