Anandicheka khosi m'mawa, madzulo ndili kunyumba

Zinayamba ndi mfundo ya chitenje. Ndikamubereka mwana kumbuyo, zala zinkakana kumanga, ngati si zanga. Kenako makapu anayamba kundipulumuka, mabatani a malaya ake osatheka, miyendo kulemera pokwera sitima ku Balbriggan, tauni imene timakhala kuno kunja kwa dziko. Atandijambula kuchipatala, dokotala anandionetsa chithunzi. Kachinthu kofewa ka pakati pa mafupa a khosi kanali katatuluka m'malo mwake, kakupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Tikakasiya, anatero, manjawa azingoipiraipira. Adzacheka kutsogolo kwa khosi, n'kukachotsa, ndipo ndidzapita kunyumba tsiku lomwelo.

Tsiku lomwelo! Ndinkayesa Chingerezi chandiphonya, poti sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Ndinafunsanso. Anabwereza pang'onopang'ono, akumwetulira, kuti kwa munthu wa msinkhu wanga, wopanda matenda ena, palibe choopsa, bola pakhomo pakhale wamkulu wondiyang'anira. Namwino anabwera ndi pepala. Kunyumba kuli munthu? Ndinati eya, amuna anga ali pambali akugwedeza mutu. Pepalalo silinafunse kuti munthuyo wapatsidwa masiku angati kuntchito. Linali tsiku limodzi lokha. Silinafunsenso kuti mwana wanga, wa chaka ndi miyezi iwiri, amagona bwanji. Sagona pena paliponse koma kumbuyo kwanga. Ine sindinanene. Dokotala wanena kale kuti zili bwino, ine ndani woti ndiziwonjezera?

Amayi anga kumudzi, nditawaimbira, anatsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera. "Usauze munthu. Opaleshoni salengeza, mitima ya anthu siidziwika. Udzawauze utachira." Ndinamvera. Ngakhale amayi ena a kukwaya kwathu, amene amakhala misewu iwiri kuchokera pathu, atandifunsa Lamulungu kuti bwanji ndagwetsa buku la nyimbo kawiri, ndinati n'kuzizira.

Tsiku la opaleshoni ndinatsitsimuka pakhosi pali ngati ndameza mwala. Anandipatsa madzi, ndinameza. Yogati, ndinameza. Anandiyendetsa pakhonde, ndinayenda. Chilichonse chimene ndinkakwanitsa, namwino ankachonga n'kundiyamikira, ine mumtima ndikupsa, chifukwa ndinaona kuti ndikudzitulutsa ndekha. Ndinafika polakalaka nditatsamwa pang'ono kuti andigoneke. Kwathu wochekedwa amakhala m'wodi masiku, gadiyani ali pansi pa bedi pa chitenje, akumvetsera kapumidwe kake. Kuno gadiyani wanga linali pepala: khosi likatupa, kupuma kukavuta, imbani ambulansi pompopompo. Osanyamula cholemera kwa masabata angapo.

"Nanga mwana?" ndinafunsa.

"Mwana ayi," anatero namwino, mopepuka ngati akunena za thumba la mbatata.

Faifi koloko madzulo ndinali ndili pa mpando kunyumba, ndikudzigwiragwira pa bandeji.

M'mawa mwake amuna anga anavala jekete lawo la ku eyapoti, kumene amakolopa.

"Bambo ake, mukupitadi?"

"Ndiye supavaiza ndimuuze chiyani? Mesa adokotala anati palibe choopsa?"

Mawu aja anandibwerera kudzera pakamwa pawo. Anandiikira foni pafupi, phala pa tebulo, n'kutseka chitseko.

Ndinapita pa galasi kasanu ola lisanathe. Latupa? Kapena linali chonchi dzulo? Ndikamaliyang'anitsitsa mpweya unkachepa, ndiye osadziwa ngati ndi khosi kapena mantha. Teni koloko itakwana mwana anayamba kutikita maso. Anakoka chitenje pa bedi, n'kuchikwekwereza mpaka pa mapazi anga, akundimenya mawondo. Ndinamuimbira, ayi. Katuni, ayi. Kulira kuja kofika pobanika, nkhope yonse mamina.

Sindinaganize n'komwe. Thupi linachita lokha zimene limachita tsiku lililonse. Ndinagwada, ndinam'patsa msana, iye n'kukwera, timanja take n'kundikoloweka pakhosi, pa bandeji penipeni. Ululu unandilasa mpaka m'zala. Ndinam'masula manja, n'kukhala pansi osatembenuka, ndikuwerenga mpweya wanga, iye akukuwa kumbuyo. Ndinadziwa kuti akalira kachiwiri ndidzagwadanso. Palibe pepala limene likanandiletsa.

Ndinatenga foni. Zala zinapeza nambala ya amayi a kukwaya msanga kuposa masiku onse, koma ndinalibe nthawi yosangalala nazo.

"Amayi, ndinakunamizani. Sikunali kuzizira. Andicheka khosi dzulo."

"Dzulo? Uli wodi iti?"

"Ndili kunyumba. Ndekha ndi mwana."

"Iwe mwana iwe! Usasunthe. Ndati usasunthe!"

Anafika atavala yunifomu ya kumene amasamalira okalamba, chifukwa ntchito ankalowa masana. Asanalonjere anandikweza chibwano ndi chala chimodzi, n'kuyang'ana bandeji mbali zonse, n'kundiuza kuti ndimeze mate, ndinene dzina langa mokweza. "Silinatupe. Koma mutuwu ndiye watupa. Unkaopa kuti tikulodza? Ife ndi mashifiti athuwa, nthawi yolodza munthu tiipeza kuti?"

Ndinafuna kuseka, pakhosi panakana. Anatola chitenje, mwana uja hii kumbuyo, mfundo n'kumanga kamodzi. Mphindi zochepa anali atagona, tsaya lili pa yunifomu. Anaimirira pakati pa chipinda akudzigwedeza, foni kukhutu, akugawa masiku kwa amayi a kukwaya: uyu masana ano, uyu Lachinayi, uyu Lachisanu. Nkhani yonse imene amayi anga anati ndibise inali itafika mpaka kudera lina, ku Beaumont, thwelofu isanakwane.

Khosi linapola, manja akubwerera pang'onopang'ono. Nditapita kukaonedwanso, dokotala anasangalala, akuti mwaona, kupita kunyumba tsiku lomwelo kunayenda bwino. Ndinali nditakonza mawu a Chingerezi ulendo wonse m'sitima, oti pepala lija lizifunsanso kuti mwana adzam'bereka ndani. Ndinawanena, mokhotakhota. Anandithokoza n'kulemba kenakake. Sindikudziwa kuti analemba chiyani.