Anatizimira Magetsi ku Kabulonga

Gulu lathu la rege linayambira m'galaji ya atate ku Kabwata. Tinalipo anayi. Alongo anga ankaimba ng'oma, ine gitala ya besi, ndipo mnzathu wa ku Libala ankabwera ndi kiyibodi yobwereka kutchalitchi kwawo. Woimba wathu anali telala wa ku Kamwala, munthu wamtali wa tsitsi lopota lofika m'chiuno. Nyimbo ankazipeka akupalasa makina osokera.

Amayi sankafuna n'kumva komwe. "Mwana wamkazi wobatizidwa bwinobwino, n'kumayenda ndi anthu osapesa?" Ine ndinkangonyamula gitala n'kutuluka.

Titayamba kudziwika, anatiitana kukaimba pa ukwati ku Kabulonga. Tinafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wa mkwatibwi anatichingamira pageti, natiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ba rasta, valani chisote," anauza telala. "Ndipo muziimba chabe za chikondi. Pano pali alendo aulemu."

Telala anamwetulira. "Ba mami, tsitsi ili munaliona pamene munatiitana."

Tinaimba ziwiri za chikondi. Pa yachitatu telala anatembenuka n'kunditsinzinira diso, ine n'kudziwa. Inali nyimbo ya azimayi ogulitsa tomato amene ankathamangitsidwa m'misewu ya m'tauni. Amayi ake omubereka anali mmodzi wa iwo. Tisanafike pakati, wina anazula nthambo ya magetsi. Gitala yanga inangoti zii.

Alongo anga sanaleke, poti ng'oma sifuna magetsi. Telala anaika maikolofoni pansi n'kuimba ndi khosi lokha, mitsempha ili tolotolo. Ine ndinayamba kuwomba m'manja. Azimayi ophika anatulukira kuseri kwa tenti, zipande zili m'manja, n'kuyamba kuvomera. Mawu onse ankawadziwa. Nyimboyo tinaimaliza, kenaka tinalongedza zida zathu n'kuchoka osadya.

Akulu a mpingo atamva nkhaniyi, anauza wa kiyibodi kuti asankhe pakati pa mpingo ndi gulu lathu. Anasankha mpingo, ndipo sindimuimba mlandu. Patapita zaka, alongo anga anadwala n'kumwalira. Titachotsa maliro, mkazi wawo anakana kuti ng'omazo zigawidwe kwa abale. Anakhala pampando n'kuziphunzira yekha, ndipo lero ndiye amatiimbira.

Loweruka lililonse masana timakumana ndi telala uja kukaimba kwawo kwa alamu angawo ku Chelstone. Oyandikana nawo nyumba adandaula kale kawiri kuti anthu akuluakulu ngati ife tikusowa chochita. Sabata yatha tinabweretsa sipika yachiwiri.