Diresi Lonyezimira la Mwana wa Wosita

Anthu amangomutchula kuti Wosita. Tsiku lonse amakhala pakhonde ndi nsimbi ya makala, kuwongola zovala za eni. Nsalu amaidziwa ndi mphuno: ya thonje ikapsa imanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa, koma ya nayiloni imasungunuka n'kumatirira. Izi sanachite kumva kwa munthu. Ali kamtsikana, siketi ya nayiloni inagwira moto wa nyali n'kumukanirira pantchafu, ndipo mpaka lero chipseracho chimamuyabwa kukatentha.

Nyumba imene amakhala ndi ya apongozi ake, mayi a mwamuna wake. Ndi yazipinda ziwiri, ndipo mvula ikamagwa mbaula imalowa pabalaza, pomwe mwana wake wamkazi amasewerera.

Tsiku lina apongoziwo anabwera ndi diresi la mdzukulu wawo, lofiira, lotambalala, lonyezimira ngati pepala la switi. Wosita atangoligwira, anadziwa kuti ndi la nayiloni.

"Amayi, nsalu imeneyi ndi moto sizionana."

"Iii, mwayambapo! Mukufuna mdzukulu wanga azivala chiguduli?"

Wosita anayang'ana mwamuna wake. Bamboyo anali atatanganidwa ndi kukanda matope kunsapato. "Ingothokozani basi, mayi a mwana," anatero osadzutsa mutu.

Wosita anagwada n'kuthokoza. Kwa eni kulibe mkuwe.

Mwanayo sankafunanso kulivula. Ankangozungulira kuti liuluke, mpendero ukudutsa pafupi ndi makala, mayi ake ali mkati mofa ndi mantha. Akamukalipira, agogo ankati, "Musiyeni, simunakhalepo mwana inu?"

Chiyambireni ntchito yake, Wosita anali asanawotchepo chovala cha munthu, ndipo ankanyadira zimenezo. Koma tsiku lochapa anakoleza nsimbi mpaka kufiira, n'kuikhazika pachifuwa pa diresilo, dala. Linakwinyika, kubooka, n'kumata kunsimbi. Fungo lake linali lomwe lija la pantchafu.

Mwana analira mpaka kusasa mawu. Apongozi analengeza mumzere wonse wa nyumba kuti mpongozi wawo ngwansanje, ndipo anthu ena anasiya kubweretsa zovala. Wosita anangomeza zonsezo, mtima uli m'malo.

Mlungu usanathe, apongozi anatulukira ndi diresi lina, lotambalala kuposa loyamba.

"Ili musalikhudze. Ndizichapa ndekha, kumuveka ndekha."

Kunja mvula inali itayamba. Mwana anazungulira kamodzi. Wosita ananyamula mbaula ili ndi moto wake, n'kukaphikira pamvula pomwepo.