Mwamuna Amene Anafuna Kufinya Mafuta M'chimanga

Mateyo anachoka m'mudzi wa mkazi wake kwa Malemia atanyamula thumba la zovala ndi chiwaya chokazingira mandasi. Munali mu 1992, chaka cha chilala. Mkazi wake Annie anali atamwalira, ndipo akuchikazi anali atamusudzula kuti abwerere kwawo ku Phalombe. Iye anali mkamwini. Nyumba ndi munda zinali za akuchikazi, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungeni, anatsala m'manja mwa malume ake, a Silas.

A Silas sanali munthu wankhanza. Anangonena zimene ankaona, kuti bambo wopanda munda sangadyetse mwana. Anatinso mtsikanayo akadzamaliza pulayimale adzamutumiza ku Limbe kukalera ana a m'bale wawo, sukulu idzathere pomwepo.

"Alamu, mukadzapeza pomudyetsera mudzabwere tidzakambirane," anatero pomuperekeza.

Ku Phalombe Mateyo sanapite. Anachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale ku Naisi, pamene mwana akanatha kufika wapansi. Anayamba kukazinga mandasi m'mphepete mwa msewu wa ku Liwonde monga ankachitira Annie. Oyambirira ankapsa kunja, m'kati muli mwauwisi. Amayi ogulitsa tomato ankamutcha "mayi wa mandasi". Iye ankangopitiriza kukazinga. Akaweruka ankatsuka chiwaya, n'kudya yekha atayang'ana khoma.

Chaka chimenecho mafuta ophikira sankavuta. Pamodzi ndi chimanga chachikasu chothandizira anthu pa njala, kunkabweranso mafuta a m'zitini, ndipo mabanja ena ankagulitsa awo motchipa kuti apeze mchere ndi sopo. Chitini china chimene Mateyo anagula chinali ndi chithunzi cha chimanga. Mphunzitsi wina amene ankakonda mandasi ake anawerenga zolembedwapo n'kumuuza kuti mafutawo anapangidwa kuchokera ku chimanga. Mateyo anadabwa, ndipo chitinicho anachisunga ngakhale chitatha.

Chithandizo chitaleka, zitini zinasowa. Mu 1994 kwacha inagwa mphamvu, mafuta a m'sitolo n'kukwera mtengo moti anthu anayamba kugula pang'onopang'ono m'timachubu tapulasitiki. Mateyo ankabwereza mafuta omwewo mpaka anada bii. Mandasi anayamba kuwawa. Makasitomala ankangomupatsa moni n'kudutsa.

Apa ndi pamene anakumbukira chitini chija. Anaganiza kuti ngati anthu akunja amatulutsa mafuta m'chimanga, nayenso angathe, popeza chimanga anabadwa nacho. Anabwereka mtondo. Anakazinga chimanga chimene anasunga kuti azidya, n'kuchisinja yekha masanasana anthu akuona. Anachiwiritsa mumphika waukulu, n'kukhala pansi kudikira kuti mafuta ayandame pamwamba.

Munatuluka phala. Anayesa ndi madeya, munatulukanso phala. Anayesa chimanga chachikasu, poganiza kuti chinsinsi chili pamenepo. Chinali chimodzimodzi.

Nkhaniyo inayenda mpaka kwa Malemia. Lamlungu lotsatira Tisungeni anabwera atachoka kutchalitchi, n'kuima pakhomo osalowa.

"Ababa, kusukulu akuti mutu wanu sukuyenda bwino. Ndi zoona?"

Mateyo anamuuza kuti si zoona, koma kuti analakwitsa basi. Anamugawira phala lija, popeza m'nyumbamo munalibe china. Anadyera limodzi. Mwanayo atapita, Mateyo anakhala pakhomo nthawi yaitali akuganiza za minibasi yopita ku Phalombe. Koma m'mawa mwake anakatsuka mtondo uja n'kukabweza, ndipo anakolezanso moto pamalo pake pamsewu.

Pafupi naye pankakhala a Ramadhani, mkulu wokonza njinga. Nawonso anaseka nawo za phala lija, mpaka kupukuta misozi. Atamaliza kuseka anati:

"Che Mateyo, chimanga chimapereka mafuta kwa amene ali ndi fakitale. Inu ndi mtondo wobwerekawo, yesani mpendadzuwa."

A Ramadhani anali ndi munda wamiyala m'munsi mwa phiri, umene chimanga chinkakana. Anamulola kulimamo mpendadzuwa, kuti zokolola azigawana.

Chaka choyamba mbalame zinatsala pang'ono kumaliza zonse. Mateyo ankaswera m'mundamo yekha, akumenya chitini chija ndi kamtengo kuti aziingitse. Zimene zinatsala anazikazinga, kuzisinja ndi kuziwiritsa monga anachitira ndi chimanga. Ulendo uno pamwamba pa madzi panaoneka timadontho tachikasu. Anatiwengula ndi supuni mpaka tinadzaza botolo la fanta. Panalibe womuonetsa. Analiika pawindo n'kumaliyang'ana.

Chaka chachiwiri anamva kuti kalabu ina ya alimi ku Domasi inalandira makina ofinyira mafuta a pamanja, koma anthu anawasiya chifukwa chogwirira chake chinali cholemera ndipo mafuta ankatuluka ochepa. Anakwezera thumba la mpendadzuwa panjinga ya a Ramadhani n'kupita kukapempha. Anavutika nawo masiku ambiri, mapewa akuwawa. Kenaka anazindikira kuti njere zikayamba zayanikidwa padzuwa mpaka kutentha, mafuta amatuluka mosavuta. Anaonetsa eni makinawo, ndipo iwo anamulola kuti aziwayendetsa ndi kufinyiranso ena.

Mandasi ake anabwerera mwakale. Amayi a tomato aja anayamba kubwera ndi mabotolo awo, akumutchula kuti "abambo ake a Tisungeni". Zotsalira za njere ankagulitsa kwa aphunzitsi oweta nkhuku.

Sindinganame kuti analemera. Zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto, mafuta ochokera kunja anachulukanso m'masitolo, oyera bwino m'mabotolo okongola, ndipo makasitomala ena anabwerera komweko. Koma ambiri a m'midzi anakhalabe naye, chifukwa ankatha kubweretsa mpendadzuwa wawo n'kubwerera ndi mafuta. Anasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri. Chipinda chinacho ankachisesa ngakhale munalibe wogonamo.

Tisungeni atalemba mayeso a Sitandade 8, Mateyo anamva kuti ulendo wa ku Limbe wayandikira. Anavala shati yake ya kutchalitchi, n'kunyamula chigubu cha mafuta kupita kwa Malemia. Anachiika pakhonde, n'kukhala pansi.

A Silas anatsegula chigubucho, ananunkhiza, n'kufunsa, "Alamu, awa ndi a chimanga chija?"

"Ayi alamu, chimanga chija tinamwera phala. Awa ndi a m'munda. Munati ndikadzapeza pomudyetsera ndidzabwere."

A Silas anaseka pang'ono. Anaitana alongo awo n'kukambirana kuseri kwa nyumba. Pobwera anati mwanayo ndi wa pamudzi pompo ndipo adzakhalabe wa pompo, koma za ku Limbe zatha. Azikhala ndi bambo ake ku Naisi, aziphunzira sekondale, patchuthi azibwera.

Pobwerera, Tisungeni anasenza katundu wake, bambo ake ali patsogolo. Atafika, mtsikanayo anaona chiwaya cha mayi ake chili pakhoma, chitini chopindikapindika chili pambali pake. Anafunsa chipinda chake, ndipo anachipeza chosesa kale.

Inu amene mukuwerenga, mwina munayesa chinthu anthu n'kukusekani, ndipo mwina analondola kuti munalakwitsa. Mateyo nayenso analakwitsa. Koma akanakwera minibasi ija m'mawa mwake, a Ramadhani akanauza ndani za mpendadzuwa? Vomerani pamene mwalakwa, mverani amene akukulozerani njira ina, ndipo musachoke pafupi ndi amene mukumuvutikira. Osataya mtima, ngakhale lero mukudya nokha.