Mapando Opanda Kanthu a ku Area 10

A Zikhale ali ndi zaka 79, ndi alamu anga, ndipo ntchito yolembedwa anaigwirapo kamodzi kokha, miyezi isanu ndi iwiri. Ndine ndinawapezera.

Anakwatira mlongo wanga Elube akadali ndi munda wawo. Mundawo unapita pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba. Kunabwera oyeza malo, kenako mathirakitala. Anzawo anakwera malole kupita kumalo atsopano, iwo anakana. Anakakhala m'kachipinda ka lendi ku Old Town, akunyamula matumba kumsika, Elube ali ndi pakati.

Ine mu 1976 ndinali khukhi ku Area 10, kwa mzungu wina wofufuza za mbewu. Wosamalira maluwa atachoka, ndinatchula dzina la alamu. Ntchitoyo inali ndi nyumba yake kuseri, zipinda ziwiri, mpopi pakhomo.

"Alamu, pano lamulo ndi limodzi," ndinawauza. "Chimene wanena bwana, chomwecho. Nzeru zanu muzizisiya pageti."

"Munda ndi munda, alamu. Inu samalani mapoto."

Pa khasu sindingawanyoze. Malo a kwa bwana aja anali dothi lofiira ndi zidutswa za njerwa zimene anasiya omanga. Pa miyezi iwiri panali kapinga, mapapaya ndi mpiru.

Mvula itayandikira, bwana analandira kaphukusi kuchokera kwa anzake kunja. Munali timatumba tiwiri, kalikonse njere za chimanga zana limodzi. Anatiitana, ine womasulira. Anati njere za m'kathumba kofiira zinapita kumwamba m'setilaiti, chombo chozungulira dziko chopanda munthu m'kati. Zinakhalamo masabata atatu pamodzi ndi makoswe ndi ntchentche, kuti akatswiri aone zimene zimachitikira zamoyo kumalo kumene zinthu sizilemera. Za m'kathumba koyera zinatsala pansi pano. Ntchito inali kubzala padera, kusamala mofanana, n'kuona kusiyana kwake.

"Makoswe ndi mbewu malo amodzi?" anafunsa a Zikhale. "Amene anaganiza zimenezo anaonapo nkhokwe?"

Zimenezo sindinamasulire.

Malangizo anali omveka. Phando limodzi, njere imodzi. Manyowa ofanana. Pamene sipanamere pakhale chomwecho, chifukwa kusamerako n'kumene bwana ankafuna kuwerenga. Ndinanena kawiri, m'Chichewa cha kwathu. Anagwedeza mutu kuvomera.

Atabzala, bwana anapita ku Zomba masabata atatu kukalongedza za mu ofesi yake yakale. Mbali yoyera inamera pafupifupi yonse. Mbali yofiira, mapando 38 anakhala opanda kanthu. A Zikhale ankaima pamenepo m'mawa uliwonse, manja m'chiuno.

"Anthu odutsa aziti wolima pano ndi waulesi."

"Adutsa ndani? Pali mpanda!"

"Ine ndimadutsa."

Loweruka anapita kumsika wa ku Old Town, n'kubwera ndi chimanga chamakolo m'thumba la malaya. Lolemba ndinawapeza akupakiza, kubzala pamene sipanamere, monga amachitira mlimi aliyense kwathu.

"Alamu, mwapenga? Fukulani!"

"Mvula yonseyi, dothi lizingogona? Mukamaphika nyemba zikachepa, simuonjezera?"

"Izi si nyemba. Izi zinapita kumwamba!"

"N'chifukwa chake zatopa."

Ndikanatha kumuuza bwana atabwera. Koma Elube anali atangobereka, khanda lili m'nyumba ija. Ndinatseka pakamwa, ndipo pamenepo ndinalakwa nanenso.

Bwana anawerenga mbali yofiira n'kupeza zana lathunthu. Anaona kuti zina ndi zazifupi, n'kulemba m'buku kuti zamera mochedwa. Ankaziyeza ndi rula tsiku lililonse. Pofika February, zochedwa zija zinapitirira zinzake zonse, mapesi ngati nzimbe. Munthu wamkulu, wophunzira, ankalankhula nazo. Analemba makalata atatu opita kunja. Ndine ndinakaponya ku positi, ndikudziwa kuti ndikuponya bodza.

Kenako anaitana alendo a ku maofesi a akazembe kuti adzaone. Ndinaphika kuyambira m'mawa. Ndinawachonderera alamu kuti tsiku limenelo akathirire maluwa kutsogolo. Anabwera kuseri, atavala jekete.

Bwana anagwira phesi lalitali kuposa onse n'kuuza alendo kuti ulendo wa kumwamba ukuoneka kuti wachita kanthu pa mbewuyi. A Zikhale Chingerezi sachidziwa, koma chala choloza kumwamba anachimva.

"Alamu, auzeni kuti chimenecho n'changa. Chamakolo, cha kwathu. Chawo chija chinakana."

"Akuti chiyani?" anafunsa bwana.

"Akuti chakula bwino."

"Sindinatero!" Anapisa m'thumba, n'kutulutsa njere zotsala, zoyera ndi zamawanga, n'kuziika m'dzanja la bwana. Kenako anayenda mumzere akugwira phesi lililonse limene anapakiza. Onse 38, sanaphonye. Anaima kumapeto akudikira kuyamikidwa.

Alendo anayang'ana m'makapu awo. Bwana sanakalipe. Anangofunsa ngati ine ndinkadziwa. Ndinati eya.

Madzulo ake anatiitana kukhitchini. Anati njere zija sizingapezekenso, chaka chatayika, ndipo ayenera kulembanso makalata atatu opepesa. Ndinamasulira. Ndinawanong'oneza alamu kuti angopepesa basi, mwina nyumba itsala.

"Ndipepese chifukwa chodzaza munda? Afunseni kuti adya chiti, changa kapena chawo?"

"Alamu, ganizani za mwana."

"Mwana adzadya chimanga, sadzadya mapando."

Bwana anafunsa ngati chaka chamawa, atapatsidwa mbewu ina, angasiye phando lopanda kanthu. Funso limenelo linali chitseko chotsegula. Ndinamasulira pang'onopang'ono, ndikuwaponda phazi. Anaganiza ndithu.

"Ayi," anatero. "Sindingathe."

Bwana anawapatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti achoke. Ine anandisiya pa ntchito chifukwa mkazi wake sankafuna khukhi wina. Katundu wa Elube ndinathandiza kunyamula pa njinga mpaka kwa Kawale, iye akuyenda pambuyo ndi mwana kumsana. Sanandilankhule mpaka Khirisimasi.

Elube anamwalira mu 2011. A Zikhale amakhala kwa Chinsapo ndi mdzukulu wawo Margret, ndipo mawondo akalola amagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu wa ku Area 15.