Makutu a Bisiketi ndi Likodzo Langa

Chizindikiro choyamba ndinachiona kumayambiriro kwa teremu yachiwiri ya Fomu 2, mvula ili mkati. Pomaliza kutaya madzi ndinkamva kuwotcha, ndipo madontho otsiriza ankatuluka ofiira. Nditawauza amayi, anati ndi kumwezi chabe, masiku angosokonekera. Anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo monga mwa mwambo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinkadziwa kuti sikunali kumwezi, koma sindinabwerezenso. Chimene chinanditseka pakamwa ndi galu.

Bambo anga amasamalira maluwa panyumba ina yogona alendo ku Nkhudzi. Eni nyumbayo pobwerera kwawo kunja anawasiyira galu wawo, Bisiketi, wa mtundu umene amati kokasipanyelo. Ndi galu wamfupi, wa ubweya wofiirira wopotanapotana, wa makutu aatali amene amalowa m'mbale akamadya. Kulondera sadziwa. Mlendo akafika amangomunyambita, moti mnzanga Asiyatu, amene ndi Msilamu, anasiya kubwera kwathu kudzawerenga nane. Bambo sanaone vuto. Madzulo aliwonse akaweruka ankakhala pakhonde kumupesa, kumuchotsa njere za chisoso m'makutu, kumusankhira usipa wosanunkha. Ine ndinkawerenga pambali pawo, koma maso awo onse ali pagalu.

Bisiketi ankanditsatira kunyanja ndikamakatsuka mbale pafupi ndi bango, ndipo ankasambira ine ndili m'madzi ofika m'mawondo. Makutu akewo sauma msanga. Mu Febuluwale anayamba kupukusa mutu ndi kudzikanda, khutu limodzi likutulutsa fungo. Bambo anazindikira tsiku lomwelo. M'mawa mwake anapempha kuntchito, anamuika m'dengu panjinga, ulendo wa ku Monkey Bay kwa alangizi a ziweto. Anabwerako ndi mankhwala odonthezera, ndipo m'mawa ndi madzulo ankagwada pansi akunena kuti, "Pepa mwana wanga, pepa."

Mawu amenewo anandibaya. Ndinatsimikiza mumtima kuti sindinenanso kanthu, ndione ngati bambo angandizindikire inenso okha. Akandifunsa mmene ndaswerera ndinkayankha kuti bwino, kenako n'kumadikira kuti andiyang'ane kachiwiri. Sankandiyang'ana.

Pofika mu Malichi ndinkamva kupweteka m'munsi mwa mimba. Ndinkapempha kutuluka m'kalasi pafupipafupi mpaka anyamata anayamba kundiseka. Ndinkatopa popanda ntchito, ndinkasinza aphunzitsi ali kutsogolo, ndipo masamu amene ndinkakhoza ndinayamba kulephera. Khutu la Bisiketi linali litapola kale, iye akudumphadumpha pabwalo. Tsiku lina m'mawa, ndikuchokera kunyanja chidebe chili pamutu, maso anachita mdima ndipo ndinagwa panjira. Amayi ena amene anali m'mbuyo mwanga ndiwo anakaitana bambo.

Bambo ananditengera panjinga kuchipatala, kumene tinapeza mzere utafika panja. Tinakhala pabenchi m'mawa wonse, tikusendera pang'onopang'ono. Anandiyeza sikelo, adokotala anandiyang'ana m'zikope ndi m'manja, kenako anandipatsa kabotolo koti ndiikemo mkodzo. Nditakapereka pazenera la koyezera, tinadikiranso pansi pa mtengo mpaka dzuwa litapendeka. Zotsatira zinati ndi likodzo, lakhalitsa, ndipo magazi achepa m'thupi.

Anesi amene ankapereka mankhwala anali mayi wachikulire wosabisa mawu. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana bambo.

"Bambo, mwanayu mumakhala naye nyumba imodzi? Manja oyera chonchi simunawaone?"

Bambo anangoweramitsa mutu, chipewa chili m'manja. Kunena zoona, mtima wanga unakondwa pang'ono. Kenako anesiwo anatembenukira kwa ine.

"Nawenso iwe, wa sekondale wathunthu, magazi ukuwaona miyezi yonseyi uli duu? Likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo, ena mpaka kudzavutika kubereka. Kadye kaye, mankhwalawa samwera njala."

Bambo anathamanga kukagula zitumbuwa ndi thobwa. Mapiritsiwo anali aakulu, owawa, ndipo nditamwa ndinamva nseru ndi chizungulire mpaka madzulo. Anandipatsanso ena owonjezera magazi oti ndizimwa tsiku ndi tsiku.

Pobwerera, pamchenga pamene njinga siyenda, tinatsika n'kumayenda pansi. Akukankha njinga, bambo anati, "Galu akadwala amadzikanda, amapukusa mutu. Iwe ndikakufunsa umati uli bwino. Ndikanadziwa bwanji?"

"Mukanandiyang'ana mmene mumamuyang'anira iye, ababa," ndinatero.

Anapitiriza kukankha njinga mpaka tinafika kunyumba.

Magazi anasiya kutuluka patapita masabata angapo, ngakhale mphamvu zinachedwa kubwerera. Teremu imeneyo sindinakhoze bwino. Nditapitanso kukayezetsa anandiuza kuti mazira a likodzo sakuonekanso, ndipo teremu yachitatu ndinabwerera pamalo anga m'kalasi. Panopa ndili bwino. Mbale ndimatsukira kumjigo, pabango paja pamene pamakhala nkhono zofalitsa likodzo sindipondanso.

Atsikana anzanga a m'mbali mwa nyanja, mukaona magazi pokodza musavomere msanga kuti ndi kumwezi. Nenani, akapanda kumva nenaninso, ndipo pitani kuchipatala matenda asanakhazikike. Musadikire kuti wina akuoneni. Ine ndinadikira, ndipo amene anavutika ndi thupi langa, osati galu.

Nsanje sinathe yonse, sindinama. Masiku ano Lamlungu lililonse bambo akamaliza kutukula makutu a Bisiketi amandiitana, amanditsegula chikope ndi chala chawo chokhakhala, n'kuyang'ana nthawi yaitali ngati adokotala. Amayambabe ndi galu, koma ine ndimaima n'kudikira.